Mutu 6: Rauta ya Kuseri kwa Kabati

1. Kabokosi kochokera ku Ngala

Saida Rashidi anali mtsikana wa Fomu 3 pa sekondale yoyendera ya Kalembwe, kufupi ndi nyanja ya Chia. Pa kompyuta panalibe womuposa changu, n'chifukwa chake anzake anamusankha kukhala wapampando wa kalabu ya makompyuta.

Labu ya pasukulupo inali ndi makompyuta makumi awiri, pulinta imodzi ndi seva, kompyuta yaikulu imene inkasunga manotsi ndi ntchito za sukulu yonse. Koma ophunzira anali oposa mazana anayi. Munthu ankakhala pa kompyuta kamodzi pa sabata, mwinanso awiri mpando umodzi. Zimenezi Saida zinkamuwawa. Manotsi alipo, Intaneti ilipo, koma zonse zili kuseri kwa chitseko chokhoma.

Tsiku lina amalume ake, a Tahiru, anabwera kudzacheza kuchokera ku Ngala, kumene ankagwira ntchito pa loji ina yaing'ono. M'jumbo mwawo munali kabokosi kakuda ka tinyanga tiwiri. Inali rauta yakale imene eni loji anaisiya atagula yatsopano.

"Ine za kabokosi aka sindizidziwa," anatero a Tahiru. "Ndinkangoona alendo akakhala pafupi nako, mafoni awo akugwira Intaneti. Ndakupatsa iwe chifukwa mayi ako akuti mutu wako uli pa zimenezi. Koma tamvera, mphwanga. Ine ndagwira ntchito kwa anthu zaka zambiri. Ndinaona mnyamata wina wanzeru kwambiri akuchotsedwa chifukwa chokonza jenereta imene sanatumidwe kukonza. Inalira bwino masiku awiri, tsiku lachitatu inapsereza mafiriji onse. Chinthu cha anthu ambiri sachigwira ndi nzeru za munthu mmodzi. Ukafuna kukagwiritsa ntchito kusukulu, ukayambe wafunsa aphunzitsi. Safunsa anadya phula."

"Ndamva, amalume," anayankha Saida.

Lachisanu masana pasukulu panali zii. Anyamata ambiri anali atapita kumzikiti kukaswali, aphunzitsi ali pamsonkhano. Kiyi wa labu sabata imeneyo anali ndi Mwawi Mzomera, mnzake wa Saida wa kalasi imodzi, amene inali nthawi yake yosesa. Mwawi atatuluka kukataya zinyalala, Saida anatulutsa rauta ija m'chikwama. Anailumikiza ku magetsi, n'kulowetsa chingwe chake chabuluu m'bowo lopanda kanthu pa bokosi limene zingwe zonse za m'labu zinkakumana. Kenako anaikankhira kuseri kwa kabati ya mabuku.

Anayesa ndi foni ya mayi ake imene anabwera nayo mobisa. Wi-Fi inagwira. Manotsi a mu seva anatseguka.

Ananong'oneza atsikana atatu okha. Koma pofika nthawi yoweruka, pansi pa mtengo wa mango wa kuseri kwa labu panali anthu oposa khumi, aliyense ataweramira foni. Saida anapita kwawo akumwetulira. Anakonza zoti Lolemba adzaonetse aphunzitsi zimene wachita, iwo adzamuyamikire.

2. Lolemba

Lolemba m'mawa makompyuta asanu ndi anayi anakana kulankhula ndi pulinta. Anayaka bwinobwino, koma ukawauza kuti asindikize, palibe chochitika. Seva nayo sankaiona.

A Layson, aphunzitsi a phunziro la makompyuta, anazimitsa onse n'kuyatsanso. Zinthu zinangosokonekera kwambiri. Ena amene anali bwino anadwala, ena odwala anachira. Anabwereza katatu, thukuta lili kamukamu.

Nkhani inali yaikulu. Lachiwiri m'mawa kunkabwera akuluakulu a zamayeso kudzaona ngati labuyo inali yoyenera kulemberamo mayeso a Fomu 4. Ikalephera, ophunzira makumi atatu ndi anayi akanayenera kukalembera kuboma, ndipo ambiri mwa iwo makolo awo sakanatha kuwasunga kumeneko.

Ahedi, a Salimu, analowa m'labu n'kufunsa funso limodzi. "Womaliza kulowa muno Lachisanu ndani?"

Anaitanitsa Mwawi. Makolo ake anachokera ku Karonga zaka zapitazo kudzapha nsomba m'mbali mwa nyanja muno. Anali mtsikana wosalankhulalankhula, koma masamu ankakhoza.

"Posesa unakoka zingwe?" anafunsa a Layson.

"Yayi, Sala. Ndinangosesa pansi basi."

"Nanga chinthu chimene chinali bwino Lachisanu chingaonongeke chokha pa Loweruka ndi Lamulungu, chitseko chili chokhoma?"



"Zikalephereka mawa, udzabwera ndi bambo ako," anatero ahedi.

Kalasi yonse inkadziwa tanthauzo la mawu amenewo. Bambo a Mwawi anali atanena kale kuti tsiku limene adzaitanidwe kusukulu pa mlandu, mwanayo adzasiya sukulu n'kumakathandiza mayi ake kuyanika usipa.

Saida anali ataima pakhomo. Lachisanu zonse zinkayenda bwino rauta ili momwemo, ndiye mwina vuto linali lina. Anagwira maganizo amenewo ndi manja awiri.

"Kuboma kulibe amene angabwere lero," anatero ahedi atayesa mafoni angapo. "Tichite bwanji, a Layson?"

"Pali Mayi Keti. Ndi amene anatiyalira netiweki imeneyi. Koma ino ndi nthawi yomweta mpunga, foni amaisiya kunyumba."

Ahedi anatembenuka. "Saida, tenga njinga yanga. Ukawapeze kumunda."

3. Mayi wa kumunda wa mpunga

Ku Chia kunalibe amene sankawadziwa Mayi Keti. Anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi chimodzi ku kampani ina ya matelefoni. Anayamba ndi kukwera mapolo, nthawi imene anthu ankaimitsa njinga kuti aonere mkazi ali m'mwamba ndi pulayala. Kenako anaphunzira za makompyuta, n'kumayala manetiweki m'maofesi a ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Atapuma pantchito anabwerera kwawo kudzalima mpunga. Labu ya ku Kalembwe anaiyala okha masabata awiri, osalandira kanthu. Saida anali Fomu 1 nthawi imeneyo, ndipo ankasuzumira pawindo tsiku lililonse. Ndi mmene anayambira kukonda makompyuta.

Anawapeza ali weramu pakati pa mpunga wakupsa, matope mpaka m'maondo, duku itanyowa ndi thukuta. Saida anagwada m'mphepete mwa munda n'kupereka moni, kenako anafotokoza.

Mayi Keti anaweramuka pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno.

"Zayamba liti?"

"Lero m'mawa, amayi."

"Onse kapena ena?"

"Ena. Koma akazimitsa n'kuyatsa, odwala akumasintha."

Mayi Keti anatukula nsidze. "Wayankha bwino. Anthu ambiri amangoti zafa. Funso lomaliza: chasintha n'chiyani m'chipindamo kuyambira tsiku limene zinali bwino?"

Saida anayang'ana ngala za mpunga.

"Sindikudziwa, amayi."

Mayi Keti anamuyang'ana kanthawi. Kenako anauza anthu awiri amene ankawathandiza kuti apitirize kumweta, anadzera kunyumba kukatenga kachikwama ka zida, n'kukwera njinga yawo. Njira yonse anali patsogolo. Saida ankapalasa mwamphamvu kuti asatsale.

4. Odi, lowani, zikomo

Atafika, Mayi Keti anayamba asamba m'manja ndi m'miyendo pa mjigo. Polowa m'labu sanagwire kanthu. Anapempha kuti a kalabu ya makompyuta onse akhale, ndi Mwawi yemwe.

"Sindidzakhala ndi moyo mpaka kalekale," anatero. "Ndikakonza ndekha, mwezi wamawa mudzanditumiranso njinga. Bwerani pafupi."

Analoza bokosi lalitali la zibowo zambiri. "Iyi ndi swichi. Zingwe zonse za muno zimakumana mmenemu, ngati mmene tinjira ta m'mudzi timakumanira pa mjigo. Uthenga ukachoka pa kompyuta iyo kupita ku pulinta, swichi ndiyo imaulozera chingwe choyenera. Bokosi lachiwiri ili ndilo rauta ya sukulu. Imeneyi ili ngati pamene kanjira kathu kamakumana ndi msewu wa tala. Uthenga wopita kunja, ku Intaneti, umatulukira pamenepo. Netiweki si matsenga, ana inu. Ndi makina amene ali ndi njira yoyendamo mauthenga, aliyense ali ndi adiresi yake, ndipo agwirizana mwambo wolankhulirana."

"Mwambo wotani, amayi?" anafunsa mnyamata wina.

"Ukafika pakhomo pa munthu umati chiyani?"

"Odi."

"Mwini nyumba?"

"Lowani."

"Iwe n'kungolowa ngati mbuzi?"

Ana anaseka. "Ndimati zikomo."

"Mawu atatu amenewo makompyuta amawanenanso asanatumizirane kanthu. Woyamba amati, kodi muliko? Winayo amati, ndiliko, ndakumvani. Woyamba uja n'kuti, zikomo, tiyambe. Malamulo ogwirizana ngati amenewa ndi amene mabuku anu amawatcha mapulotokolo. Makina opangidwa kumaiko osiyana amamvana chifukwa onse amasunga mwambo umodzi."

Anakhala pamphepete pa tebulo. "Ine ndikapuntha mpunga wanga sindiutumiza kuchigayo mulu umodzi. Ndimauthira m'matumba. Thumba lililonse ndimalemba kumene lachokera, kumene likupita, ndi nambala yake. A njinga amanyamula, wina kudzera kumtunda, wina kumunsi. Kompyuta nayo imadula kalata kapena chithunzi tizidutswa totchedwa mapaketi. Paketi iliyonse imanyamula adiresi ya wotumiza ndi ya wolandira. Pulotokolo ya maadiresi amenewo ndi IP."

"Nanga thumba limodzi likagwera m'madzi?"

Anali Mwawi. Anafunsa motsitsa mawu, maso ali ofiira.

"Funso la munthu woganiza," anatero Mayi Keti. "Wakuchigayo amawerenga manambala. Akaona kuti thumba lachisanu ndi chiwiri silinafike, amanditumizira mawu, ine n'kutumiza lina. Akalandira onse amawasanja m'ndondomeko yake. Pulotokolo yowerenga ndi kutsimikiza imeneyo ndi TCP. Tsopano tiyeni tifune matenda. Nthawi zonse muziyambira pansi, pa zinthu zogwirika ndi manja."

Anawatuma kuti ayang'ane kuseri kwa kompyuta iliyonse. Zingwe zonse zinali m'malo mwake, tinyali tobiriwira tikuphethira.

"Njira ili bwino. Tsache silinalakwe kanthu muno," anatero, akuyang'ana a Layson. Iwo anakanda m'mutu.

5. Atambala awiri

Mayi Keti anakhala pa kompyuta ina yabwino n'kulemba mawu akuti ping, motsatana ndi adiresi ya pulinta.

"Uku ndi kugogoda. Ndikutumiza kapaketi kofunsa kuti muliko?"

Mayankho anayi anabwera motsatizana. Anasamukira pa kompyuta yodwala n'kugogodanso. Panalibe yankho.

"Aliyense akhale pa kompyuta imodzi. Ndikuonetsani poonera adiresi yake. Muziwerenga mokweza, mmodzimmodzi."

Anayamba. Woyamba anati 192.168.1.21. Wachiwiri anati 192.168.1.22. Wachitatu, amene anali pa kompyuta yodwala, anati 192.168.0.104.

"Bwereza."

Anabwereza. Atamaliza onse, zinaoneka poyera. Makompyuta abwino nambala yawo yachitatu inali 1. Odwala onse inali 0.

"Ndi amenewo matenda," anatero Mayi Keti. "Manambala atatu oyambawo ali ngati dzina la mudzi, yomalizayo ndi nambala ya nyumba. Pulinta ndi seva zili m'mudzi wa 1. Awa asanu ndi anayi auzidwa kuti amakhala m'mudzi wa 0. Ali m'chipinda chimodzi ndi pulinta, koma akuiona ngati ya kutali, ndipo amene akumufunsa njira sakuidziwa."

"Wawauza ndani?" anafunsa ahedi.

"Kompyuta ikayaka imafuula m'zingwe zonse kuti, ndani andipatse adiresi? Pulotokolo yogawa maadiresi imatchedwa DHCP. Muno wogawa ndi mmodzi, rauta ya sukulu, ndipo ndinaiuza ndekha kuti izigawa a m'mudzi wa 1. Tsono kompyuta siisankha. Woyamba kuyankha ndiye imamumvera. N'chifukwa chake mukazimitsa n'kuyatsa odwala akusintha. Muno muli wina wachiwiri amene akugawa maadiresi. Atambala awiri salira m'khola limodzi."

A Layson anatembenukira kwa Mwawi. "Kiyi unali ndi iwe. Walowetsa chiyani muno?"

"Sala, ine sindikudziwa kanthu." Misozi inayamba kutsika.

Mayi Keti anapita pa swichi n'kuyamba kuwerenga zingwe ndi chala. Chilichonse chinali ndi kapepala ka nambala kolembedwa ndi dzanja lawo. Chala chinaima pa chingwe chabuluu chopanda kapepala. Anachigwira, koma sanachitsate. Anatembenuka n'kuyang'ana ana onse, osakhazika maso pa aliyense.

"Chingwe ichi ndikhoza kuchitsata, sichinganditengere mphindi. Koma chindionetsa bokosi, osati munthu. Ndiye ndisanatero, ndikuuzeni kanthu.

"Ndili ndi zaka makumi awiri ndi zinayi ndinkagwira ntchito ku Mzuzu. Tsiku lina ndinasinthanitsa mawaya awiri m'bokosi la pamsewu, telefoni ya chipatala china n'kufa tsiku lathunthu. Bwana anafunsa amene anatsegula bokosilo. Buku la makiyi linkaonetsa dzina la bambo wina wachikulire, wa ana asanu ndi mmodzi, amene anandibwereka kiyi wake pondikomera mtima. Ine ndinali mkazi ndekha pakati pa amuna makumi anayi, ndipo ndinkadziwa kuti ena akudikira tsiku limene ndidzalakwe. Ndinakhala chete. Ndinati ndinena mawa. Mawa linasanduka mkuja. Pamene ndinkagogoda kwa bwana tsiku lachinayi, bambo aja anali atachotsedwa, atakwera kale basi ya kwawo. Anawalembera kalata yowaitananso, koma sanabwere.

"Ana inu, pa ntchito imeneyi palibe amene salakwa. Amene sanaonongepo netiweki ndiye kuti sanaigwirepo. Kulakwa kwa zingwe kumakonzeka. Mawaya aja ndinawabwezeretsa pa mphindi zisanu. Koma za bambo aja, pano tsitsi langa layera, sindinazikonze. Munthu ukalakwa, nena mnzako asanakwere basi."



Saida anaimirira. Anayenda mpaka pa kabati ya mabuku. Anagwada, analowetsa dzanja kuseri, n'kutulutsa kabokosi kakuda, tinyali take tikuphethirabe.

"Ndine, Sala," anatero. "Ndinaika Lachisanu, Mwawi atapita kukataya zinyalala. Iye sanaone. Ndinkafuna kuti anzanga aziwerenga manotsi pa foni. Sindinafunse aliyense." Anatembenukira kwa Mayi Keti. "Amayi, kumunda kuja munandifunsa chimene chasintha. Ndinakunamizani."

"Ndinadziwa," anatero Mayi Keti. "Munthu amene wayankha bwino mafunso awiri salephera lachitatu mwa njira ija. Zula chingwecho ndi dzanja lako."

6. Pulinta ilira

Saida anazula. Mayi Keti anaonetsa ana mmene angauzire kompyuta kuti itaye adiresi yolakwika n'kupempha ina. Mmodzimmodzi anawerenganso mokweza, ndipo onse makumi awiri anali m'mudzi wa 1. Anauza Mwawi kuti alembe dzina lake pa kompyuta imene inali yodwala, n'kulisindikiza. Pulinta inakhosomola, inakoka pepala, dzina linatuluka.

Ahedi anapuma mpweya wautali.

"Amayi, bwanji Lachisanu zinali bwino?" anafunsa Saida.

"Makompyuta anali atalandira kale maadiresi awo m'mawa, ndiye sanafunsenso. Lero ndi pamene afunsa. Pa netiweki, chinthu kugwira ntchito lero si umboni woti chili bwino."

A Layson anapita pamene panali Mwawi. "Ndinakuweruza ndisanafufuze. Pepani, mwana wanga."

Ahedi sanachedwe ndi chigamulo. Saida achoke pa mpando wa kalabu mpaka teremu ithe. Lachitatu abwere ndi makolo ake. Ndipo mawa pa mzere apepese Mwawi pamaso pa sukulu yonse. Saida anavomera zonse atapinda manja kumbuyo.

Ana ena atatuluka, anatsatira Mwawi pakhonde.

"Mwawi, pepa."

"Unali pakhomo pomwepo pamene ankanena za bambo anga," anatero Mwawi. "Unamva zonse."

"Ndinamva."

"Ndiye usandifulumizitse. Lero mtima wanga sunafike."

Anabwerera m'labu aliyense payekha, chifukwa Mayi Keti anali atawaitana onse awiri. Anawapeza akutembenuza kabokosi kaja m'manja.

"Ahedi," ankatero, "mwanayu walakwa, ndipo chilango chake ndi choyenera. Koma chimene anaona ndi choona. Ana mazana anayi pa makompyuta makumi awiri ndi njala. Kabokosi aka kalibe mlandu. Tikakaletsa kugawa maadiresi, n'kukaikira mawu achinsinsi, n'kukapatula kuti kazifika pa manotsi okha, kangathandize sukulu yonse. Mukakambirane ndi makolo za mafoni. Mukavomereza, ndidzabwera mpunga ukalowa m'nyumba. Ndidzafuna atsikana awiriwa, uyu wa manja achangu ndi uyu wa mafunso. Aliyense ali ndi chimene mnzake alibe."

Kenako anatembenukira kwa Saida. "Mawu achinsinsi unaika otani pa Wi-Fi imeneyi?"

"Sindinaike, amayi. Ndinkafuna kuti aliyense azilowa mosavuta."

Mayi Keti anaika kabokosi pansi.

7. Zimene seva inalemba

"Kuyambira Lachisanu masana mpaka lero," anatero pang'onopang'ono, "aliyense woima kuseri kwa khoma ili ndi foni anali ngati wakhala m'labu muno. Munakhoma chitseko, koma khomo lina linali pululu. A Layson, mu seva muli chiyani kupatula manotsi?"

Nkhope ya a Layson inasintha.

"Muli mafunso a mayeso oyeserera a Fomu 4. Akulemba sabata yamawa."

"Pamene munawasunga pali mawu achinsinsi?"

"Ayi. Ndinkati poti labu imakhala yokhoma, ndipo pa nthawi ya phunziro ndimakhala ndili pomwepo…"

Mayi Keti anakoka mpando n'kukhala pa seva. "Makina awa ali ndi khalidwe limodzi labwino. Ndinawatchera kuti azilemba aliyense wotsegula kanthu, nthawi yake ndi adiresi yake. Tiyeni tione."

Mizere ya manambala inayenda pa sikirini. Lachisanu masana panali maadiresi ambiri, onse otsegula manotsi. Mayi Keti anatsika nayo mizereyo mpaka chala chawo chinaima.

"Loweruka, nthawi ya 2 koloko masana. Mafunso a masamu, a sayansi ndi a Chingerezi. Onse anatsegulidwa ndi adiresi imodzi, 192.168.1.47."

"Loweruka pasukulu panalibe munthu," anatero ahedi. "Ndiye kuti mayeso onse tilembanso atsopano. Koma ndikufuna kudziwa mwini wake. Ameneyo sadzakhalanso pasukulu pano."

"Adiresi imeneyi ndi ya m'mudzi wa 1," anatero Mayi Keti, "ndiye kuti foniyo inadzera pa kabokosi aka koma inayankhidwa ndi rauta ya sukulu. Rauta imasunga mndandanda wa amene yawapatsa maadiresi, ndi dzina limene chipangizo chilichonse chimadzitchula."

Anatsegula mndandandawo. Mayina ambiri anali manambala ndi zilembo za kufakitale. Koma pa mzere wa 47 panali dzina lolembedwa ndi munthu: Nkholokolo.

"Nkholokolo ndi nsomba," anatero a Layson. "Palibe wophunzira wa dzina limeneli."

Saida anagwira m'mphepete mwa tebulo. Dzinalo analilemba yekha miyezi itatu yapitayo, moseka, pa foni yatsopano ya achimwene ake a Faruku, ponena kuti ndi munthu waminga ngati nsombayo. A Faruku anali Fomu 4 pasukulu pomwepo. Ndi amene ankamukweza pa njinga m'mawa uliwonse, ndipo ndi amene bambo awo ankawatchula pa pemphero la dua lililonse kuti adzakhale woyamba m'banjamo kufika ku yunivesite.

Mwawi anali woyamba kuona nkhope yake. Kenako Mayi Keti anachotsa maso pa sikirini.

"Saida," anatero mofatsa, "dzina ili ukulidziwa?"